Kamuzu Banda ndi Chilatini: Mbiri ya Mwana wa ku Kasungu Amene Adakonda Chilankhulo cha Aroma

Kuno ku Chifunde palibe munthu wachikulire amene sadamvepo dzina la Dr. Hastings Kamuzu Banda. Ena adalimva pa wailesi ya ku Malawi, ena adakhala pansi pa ulamuliro wawo pamene nkhondo idawathamangitsira kutsidya kwa malire. Ambiri amawakumbukira ngati mtsogoleri wa suti yakuda, chipewa kumutu ndi litchowa m'manja. Lero tikuuzani mbali ina ya moyo wawo imene sikambidwa kawirikawiri: chikondi chawo pa Chilatini, chilankhulo cha Aroma akale. Nkhaniyi ikutikhudza ifenso, chifukwa Chipwitikizi chimene ana athu amaphunzira kusukulu chidabadwa kuchokera ku Chilatini chomwecho.

Ubwana ndi ulendo wapansi

A Banda adabadwira kufupi ndi Kasungu, m'dziko limene panthawiyo linkatchedwa Nyasaland. Boma lawo linkati adabadwa pa 14 Meyi 1906, koma ofufuza mbiri ambiri amati adabadwa cha m'ma 1898. Adali Mchewa ngati ife, mdzukulu wa mtundu womwewo umene mafumu ake a Undi adalamulira kuchokera ku Mano, m'dera lathu lino la mtsinje wa Kapoche. Dzina loti Kamuzu likunena za kamuzu ka mankhwala. Dzina loti Hastings adalitenga kwa mmishoni wina wa ku Scotland.

Zilembo zoyamba adaziphunzira ku Mtunthama, pansi pa mtengo wa kachere. Mu 1915 adakhala pa mayeso olowera maphunziro a uphunzitsi a mishoni ya Livingstonia. Popeza adali wamfupi, adaimirira kuti aone bwino zolembedwa pa bolodi. Woyang'anira mayeso, mbusa Thomas Cullen Young, adaganiza kuti mnyamatayo akuonera za anzake, ndipo adamutulutsa. Dzina la mbusayu mulisunge, tikumana nalonso.

Pasadapite nthawi a Banda adachoka kwawo wapansi, kutsata njira ya anyamata okafuna ntchito kum'mwera, yowoloka Zambezi. Adagwira ntchito pachipatala cha ku Hartley, kumene lero ndi Chegutu m'dziko la Zimbabwe. Kenaka adapitirira ku South Africa, kumene adakhala kalaliki ndi womasulira pamgodi wina ku Boksburg, kufupi ndi Johannesburg. Motero ntchito yoimira pakati pa zilankhulo ziwiri adayiyamba akadali mnyamata. Mu 1925, mothandizidwa ndi mpingo wa African Methodist Episcopal, adakwera sitima ya pamadzi kupita ku America.

Ku America adaphunzira ku Wilberforce m'chigawo cha Ohio mpaka 1928, kenaka ku yunivesite ya Indiana, ndipo mu 1931 adalandira digiri ku yunivesite ya Chicago, kumene adaphunzira mbiri yakale ndi zandale. M'zaka zimenezi ndi m'mene adazama ndi Chilatini ndi mbiri ya Aroma, ndipo chikondicho sichidawachoke mpaka imfa.

Kodi Chilatini n'chiyani?

Chilatini chidali chilankhulo cha mzinda wa Roma ndi maiko ambiri amene Aroma adagonjetsa, kuphatikizapo kumpoto kwa Africa. Palibe mtundu umene umachilankhula pakhomo lero, koma chidabereka Chipwitikizi, Chifalansa, Chisipanishi ndi Chitaliyana. Madzi m'Chilatini ndi aqua, m'Chipwitikizi ndi água. Buku ndi liber, m'Chipwitikizi livro. Ngakhale m'Chichewa mwathu muli zidzukulu zake zimene zidabwera ndi Apwitikizi kudzera pa Zambezi: kalata idachokera ku carta, vinyo ku vinho, kapitawo ku capitão, ndipo mawu atatuwa mizu yake ili m'Chilatini. Agogo a mpingo wa Katolika akukumbukira kuti misa inkachitika m'Chilatini mpaka msonkhano waukulu wa ku Vatican wa 1962 mpaka 1965. Anyamata ofuna unsembe ankachiphunzira ku seminale ya Zóbuè kuno ku Tete ndi ya Kachebere ku Mchinji.

Chovuta chake n'chakuti mawu amasintha kumchira, pamene athu amasintha kumutu. Ife timati munthu, anthu, chingwe, zingwe. M'Chilatini mnyamata ndi puer, galu ndi canis. Mukalemba kuti puer canem videt, ndiye kuti mnyamata akuona galu. Mukalemba kuti puerum canis videt, mnyamata akadali patsogolo m'chiganizo, koma tsopano woona ndi galu. Zilembo zochepa chabe zatembenuza nkhani yonse. Dzina lililonse lili ndi masinthidwe 6 otere, ndipo mneni kawirikawiri amabisala kumapeto kwa chiganizo.

Tsono wophunzira akapatsidwa ndime yoti amasulire, sangathamange. Ayenera kuyamba wapeza mneni, kenaka mwininkhani, kenaka n'kuona mchira wa liwu lililonse kuti adziwe amene wachita, amene wachitiridwa, ndiponso chimene achitira. Akamvetsa zonsezo ndi pamene amamanganso chiganizocho m'chilankhulo china, osataya kanthu ndiponso osawonjezera zake. Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Buku limene ophunzira ambiri ankayambira ndi la Julius Caesar, mkulu wa asilikali amene adalemba yekha za nkhondo imene adamenya ku Gaul, dera limene mbali yake yaikulu lero ndi France, kuyambira chaka cha 58 mpaka cha 50 Yesu asanabadwe. Caesar adalemba zigawo 7, ndipo chigawo cha 8 adamaliza ndi mnzake Aulus Hirtius. Kalembedwe kake n'kolunjika, ndipo amadzitchula ndi dzina ngati akunena za munthu wina. Ameneyu ndiye a Banda ankamukonda kwambiri ndi kumutchula m'zolankhula zawo. Opita patsogolo, makamaka kuyunivesite, amawerenga Cicero, woweruzira anthu milandu amene chiganizo chake chimodzi chimatha kudzaza theka la tsamba. Livy, amene adalemba mbiri ya Roma m'zigawo 142 ngakhale zidapulumuka 35 zokha. Sallust, amene adalemba za nkhondo ya Aroma ndi Jugurtha, mfumu ya ku Africa. Ndi Tacitus, amene adalemba za mafumu ankhanza a ku Roma.

Pa msinkhu umenewo sikungodziwa tanthauzo la mawu kokha. Wophunzira amafunsidwa chifukwa chimene wolemba adasankhira liwu ili n'kusiya lina, chimene akukometsa, ndi chimene akubisa. Amakumananso ndi mawu osowa mnzake m'chilankhulo china. Mwachitsanzo res publica, kumene kudachokera liwu loti república la m'dzina la dziko lathu, limanena za zinthu za anthu onse, zimene si za munthu mmodzi. Womasulira ayenera kusankha ngati anene kuti boma, dziko, kapena zokomera onse, ndipo kusankha kulikonse kumasintha nkhani pang'ono.

Womasulira wa Chichewa

Ali ku Chicago, a Banda adathandiza katswiri wa zilankhulo dzina lake Mark Hanna Watkins, Mmerika wakuda, pomufotokozera Chichewa liwu ndi liwu. Kuchokera pa ntchito imeneyo mudatuluka buku la malamulo a chilankhulo lotchedwa A Grammar of Chichewa mu 1937. Chaka chomwecho a Banda adatsiriza maphunziro a udokotala ku Meharry, mumzinda wa Nashville. Adapita ku Edinburgh, m'dziko la Scotland, kumene adalandira zikalata zina za udokotala mu 1941, ndipo adagwira ntchito ku Liverpool, ku North Shields ndi ku London.

Ku Britain adakumananso ndi mbusa uja adawatulutsa m'mayeso, Cullen Young. Awiriwa adakhala pa ubwenzi, ndipo adamasulira limodzi m'Chingerezi nkhani zitatu zimene anthu a ku Nyasaland adalemba m'Chinyanja zokhudza miyambo yawo. Olembawo adali John Kambalame, E. P. Chidzalo ndi J. W. M. Chadangalara, ndipo bukulo lidatuluka mu 1946 ndi dzina loti Our African Way of Life. Apa a Banda adakumana ndi vuto lomwe lija la womasulira Chilatini, koma litatembenuka. Kodi Mngerezi mungamuuze bwanji tanthauzo la nkhoswe kapena mbumba, pamene kwawo kulibe malume amene amayang'anira alongo ake ndi ana awo? Liwu limodzi limafuna ndime yathunthu. Ntchito imeneyi idaonetsa kuti Chichewa chili ndi nzeru zake zimene Chingerezi chiyenera kuvutikira kuti chizinyamule.

Kubwerera kwawo

Atakhala ku Ghana kuyambira 1953, a Banda adaitanidwa ndi achinyamata a chipani cha Nyasaland African Congress kuti adzatsogolere nkhondo yokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Adatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958, atakhala kunja zaka zoposa 40. Chodabwitsa n'chakuti munthu uja adaphunzitsa Watkins Chichewa tsopano ankalankhula kwa anthu ake m'Chingerezi, wina n'kumamasulira. Ntchito yomasulirayo adayigwira a John Msonthi, pambuyo pake a John Tembo, ndipo mchitidwewu udapitirira pa ulamuliro wawo wonse.

Adamangidwa pa 3 Malichi 1959 n'kutsekeredwa ku Gwelo, kumene lero ndi Gweru, mpaka Epulo 1960. Dziko la Malawi lidalandira ufulu pa 6 Julayi 1964 iwo ali nduna yaikulu. Mu 1966 adakhala pulezidenti, ndipo mu 1971 adalengezedwa kuti ndi pulezidenti wamuyaya. Mu 1968 chipani chawo cha Malawi Congress chidagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale chilankhulo cha fuko pambali pa Chingerezi. Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi, zimene zidawawa anthu a kumpoto. Mu 1972 kudakhazikitsidwa bungwe loyang'anira Chichewa, ndipo a Banda eniake ankadzudzula anthu pa kalankhulidwe, namati Chichewa chenicheni n'cha kwawo ku Kasungu.

Ndi dziko lathu ubale wawo udali wovuta. Pa nthawi ya nkhondo ya ufulu adasunga ubwenzi ndi boma la Apwitikizi, ndipo mu Sepitembala 1986 Pulezidenti Samora Machel, pamodzi ndi Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe, adapita ku Blantyre kukawadandaulira kuti dziko lawo likuthandiza Renamo. Komabe ndi Malawi yemweyo amene adalandira othawa nkhondo a ku Mozambique pafupifupi miliyoni imodzi, mpaka mtendere udasainidwa pa 4 Okotobala 1992 mumzinda wa Roma.

Sukulu ya ku Mtunthama

Mu Novembala 1981 a Banda adatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, kufupi ndi kachere uja adaphunzirirapo zilembo. Adafuna kuti ifanane ndi sukulu zapamwamba za ku England. Idali ndi nyumba zokongola, dziwe lokumba, ndi nyumba yaikulu ya mabuku. Mawu otsogolera sukuluyo adalembedwa m'Chilatini, onena za kulemekeza Mulungu ndi dziko. Ana ankasankhidwa kuchokera m'boma lililonse la Malawi malinga ndi kukhoza mayeso, anyamata ndi atsikana, ndipo ankaphunzira ulere. Mwana wa mlimi wosauka, amene dzulo lake ankaweta mbuzi, ankapezeka akuwerenga Caesar. Chilatini ndi Chigiriki adali maphunziro okakamiza, chifukwa a Banda ankakhulupirira kuti munthu wosadziwa zilankhulo ziwirizi sadaphunzire mokwanira.

Cholinga chawo chidali ndi mbali yabwino. Atsamunda ankati mwana wa Mwafirika ayenera kuphunzira ukalipentala ndi ulimi basi, mutu wake sungathe zozama. A Banda adafuna kutsutsa bodza limeneli, ndipo ana a ku Mtunthama adalitsutsadi pokhoza mayeso omwewo amene ankalemba ana a ku England. Ndipotu Chilatini sichidali chachilendo ku Africa. Augustine woyera, mmodzi mwa akatswiri olemba m'Chilatini, adabadwa mu 354 ku Thagaste, m'dziko limene lero ndi Algeria.

Koma chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Aphunzitsi ankachokera kunja, makamaka ku Britain, chifukwa a Banda sadalole kuti Mmalawi aphunzitse pasukulupo. Ndalama zambiri zidathera pa ana ochepa, pamene m'midzi ana ankaphunzirira pansi pa mitengo opanda mabuku. Chinanso n'chakuti pasukulupo ankafuna Chingerezi chokhachokha, ndipo mwana wopezeka akulankhula Chichewa ankalangidwa. Ana ankamasulira Caesar kuchoka m'Chilatini kupita m'Chingerezi. Chilankhulo cha amayi awo chidatsala kunja kwa mpanda, pa sukulu yomangidwa ndi munthu yemwe uja adachikweza kukhala chilankhulo cha fuko.

Chilatini kuyunivesite

A Banda adalinso mkulu wa yunivesite ya Malawi, imene idayamba kuphunzitsa mu 1965, ndipo koleji yake ya Chancellor idasamukira ku Zomba mu 1973. Adaumirira kuti yunivesite siingakhale yeniyeni popanda maphunziro a Aroma ndi Agiriki. Motero mu 1982 kudabwera mayi wachitsikana wophunzira ku Oxford, Caroline Alexander, amene adakhazikitsa nthambi ya maphunzirowa ku Zomba ndi kuphunzitsa kumeneko mpaka 1985. Mayi ameneyu pambuyo pake adatchuka pomasulira m'Chingerezi ndakatulo yaikulu ya Chigiriki yotchedwa Iliad, imene idatuluka mu 2015. Kuyambira pamenepo mnyamata kapena mtsikana wa ku Malawi ankatha kuwerenga olemba a Chilatini pa msinkhu wa digiri osachoka m'dziko lake.

Apa pali chinthu choyenera kuchiganizira. Mabuku amene a Banda adalamula kuti aziwerengedwa amakamba kwambiri za kuopsa kwa ulamuliro wa munthu mmodzi. Caesar adapatsidwa udindo wolamulira moyo wake wonse, ndipo pasadathe miyezi iwiri adaphedwa ndi anzake pa 15 Malichi chaka cha 44 Yesu asanabadwe. Cicero adaphedwa chaka chotsatira chifukwa cha zolankhula zake zotsutsa Marcus Antonius, ndipo mutu ndi manja ake zidapachikidwa pabwalo pamene ankalankhulira. Tacitus adalemba za nthawi imene akazitape adadzaza mzinda, anthu n'kumaopa kulankhula ngakhale m'nyumba zawo.

Ophunzira a ku Zomba ankawerenga zimenezi m'dziko limene zofanana nazo zinkachitika. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adaphedwa ku Mwanza, kufupi ndi malire a chigawo chathu, boma n'kunena kuti idali ngozi ya galimoto. Mu 1987 Jack Mapanje, mlakatuli ndi katswiri wa zilankhulo amene ankaphunzitsa pa koleji yomweyo ya Chancellor, adatsekeredwa ku Mikuyu popanda mlandu mpaka 1991. Mabuku ambiri adaletsedwa. Munthu amene adafuna kuti achinyamata aphunzire kufunsa chimene wolemba wa ku Roma akubisa sadalole kuti afunse chimene boma lawo likubisa.

Masiku otsiriza

Mu Malichi 1992 maepiskopi a Katolika adalemba kalata yodzudzula kusowa kwa ufulu, ndipo idawerengedwa m'matchalitchi m'zilankhulo zimene anthu wamba ankamva. Pa 14 Juni 1993 Amalawi adavotera zipani zambiri, ndipo pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994 a Banda adagonja kwa a Bakili Muluzi. Adavomera kugonjako. Adaimbidwa mlandu wa imfa za ku Mwanza, koma khoti lidawamasula mu Disembala 1995. Adamwalira pa 25 Novembala 1997 m'chipatala ku Johannesburg, ndipo adaikidwa m'manda ku Lilongwe. Iwo atachoka pampando, ndalama zoyendetsera sukulu ya ku Mtunthama zidachepa, ndipo idayamba kulandira ana amene makolo awo amalipira.

Phunziro kwa ife a m'malire

Abale ndi alongo, mbiri iyi ili ndi zotiphunzitsa. A Banda adaonetsa kuti mwana wa m'mudzi wa Achewa angathe kumvetsa chilankhulo chovuta cha anthu amene adafa zaka 2,000 zapitazo. Mwana wanu akabwera kuchokera kusukulu akudandaula kuti aneni a Chipwitikizi amasinthasintha kumchira, muuzeni kuti khalidwe limenelo Chipwitikizi chidatengera kwa mayi wake Chilatini, ndipo ana a alimi anzathu a ku Kasungu, Mchinji ndi Dedza adalimbana ndi mayi wakeyo n'kupambana.

Koma kumasulira kumafuna zilankhulo ziwiri, ndipo zonse ziyenera kukhala zamphamvu. Ntchito ya a Banda pa zilankhulo imene idakhalitsa kwambiri ndi imene adagwira akugwiritsa ntchito Chichewa chawo: buku la Watkins la 1937 ndi buku lomasuliridwa la 1946. Pamene adatsekera Chichewa kunja kwa kalasi, ana adaphunzira za Roma koma sadaphunzitsidwe kubweretsa nzeruzo m'mawu amene amayi ndi agogo awo angamve.

Dziko lathu lidayesa njira ina. Kuyambira 1993 mpaka 1997 boma lidayesa kuphunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri, Chinyanja ndi Chipwitikizi kuno ku Tete, Chichangana ndi Chipwitikizi ku Gaza, ndipo mu 2003 njirayi idayamba kufalikira m'sukulu zina za m'zigawo zonse. Makolo ena amaopa kuti mwana akayamba ndi chilankhulo cha pakhomo achedwa kudziwa Chipwitikizi. Kwa otere tikuti yesani izi: madzulo, mwana akawerenga tsamba la buku lake la Chipwitikizi, m'pempheni akuuzeni m'Chichewa zimene lanena. Akatha kukufotokozerani bwino, ndiye kuti wamvetsa. Akakakamira pa liwu lina, funani limodzi liwu lathu loyenera, ndipo likasowa mukafunse agogo kapena aphunzitsi. Ntchito imeneyo ndi yomwe amagwira ophunzira Chilatini kuyunivesite, ndipo ingathe kuyambira pakhonde la nyumba yanu, ku Mualadzi, ku Cassacatiza kapena pa boma pa Chifunde.